Chingwe kapena ndende moyo wonse, chabwinoko nchiti?

Munthu akangophedwa mwankhanza mkangano uja umayambiranso, ena anyongedwe basi, ena ayi akafere kundende. Ine ndimaziona chonchi.

Chingwe malamulo athu amalolabe. Gawo 16 la malamulo aakulu limati aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo koma pomwepo likuti khoti likagamula kuti munthu aphedwe ufuluwo sunaphwanyidwe. Kungoti omaliza kunyongedwa anali mu 1992 nthawi ya Kamuzu, chilowereni a Muluzi mu 1994 palibe pulezidenti amene wasainapo kuti uyu apite. Ofuna chingwe amati chimaopseza, ndipo sindiwanyoza ayi, amene anatsatira nkhani ya MacDonald Masambuka ku Machinga mu 2018 ndi abale athu ena achialubino amene anadulidwa ziwalo ngati mbuzi akudziwa kuti mkwiyowo si wachabe. Mayi woti waika mwana wake wopanda manja ungamuuze chani za maufulu? Koma chigawenga chikamanola chikwanje sichiwerengera za jaji, chimawerengera kuti sindigwidwa, kapena ndikagwidwa faelo isowa.

Chimene chimandiopsa pa chingwe nchoti sichibweza. Taonani amene amathera ku kondemu, kumene amasunga oyembekeza chingwe kundende ya Zomba, si mabwana ayi, ndi anthu akumudzi oti loya wa boma anamuona koyamba m'mawa wa tsiku la mlandu. Mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni khoti lalikulu linathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingopatsidwa imfa osamva mbali yake, ndiye ataunikanso milandu ya akaidi oposa 150 zinapezeka kuti ena anali ana pomwe ankapalamula, ena mitu sinkayenda bwino, ena mafaelo awo anasoweratu, ambiri anatuluka kubwerera kwawo. Tsono akanakhala kuti ananyongedwa kalekale bwezi tikupepesa manda? Komanso chingwe chikakhala m'manja mwa andale chimasanduka chikwapu. Albert Muwalo, yemwe anali nduna ya Kamuzu, ananyongedwa mu 1977. Orton ndi Vera Chirwa anawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, Orton anafera ku Zomba mu 1992 koma mayi Vera anatuluka mu 1993 nkudzagwira ntchito yomenyera ufulu wa akaidi omwewo.

Ndende moyo wonse nayo tisaiyeretse. Ndende zathu nzodzadza, anthu amagona chokhala, nsima kamodzi patsiku, TB ili pomwepo, ndipo msonkho wa ofedwa omwewo ndi umene ukudyetsa amene anawaphera m'bale. Choipa kwambiri nchoti anthu sakhulupirira kuti moyo wonse ndi moyo wonsedi, amaopa kuti 6 July ikakwana munthu uja amukhululukira mwakachetechete mudzakumana naye pa msika akugula tomato. Nchifukwa chake ena amangothamangira teyala ndi petulo.

Anzathu anasankha kale. Mozambique inathetsa mu 1990, South Africa 1995, Zambia mu December 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024. Botswana chingwe ikadali nacho. Ife ndiye tili pakatikati, mu April 2021 khoti la Supreme linati chilango cha imfa chatha, August yemweyo majaji ena nkubwera kuti ayi ayi amenewo anali maganizo a mnzathu mmodzi. Munthu ali ku kondemu anamva zonse ziwirizo chaka chimodzi, taganizani.

Ine voti yanga ili pa ndende moyo wonse, koma aphungu alembe m'lamulo kuti wopha dala safika pa mndandanda wa okhululukidwa asanakwanitse zaka zakutizakuti, ndipo abale a malemu aziuzidwa kaye dzina lake lisanapite kwa pulezidenti.