Kusiya nyuzipepala yolipiriratu kwandivuta kuposa kuyamba

Sabata yatha kwabwera uthenga pafoni woti ndili ndi ngongole ya nyuzipepala, chonsecho ndinawauza kalekale kuti asiye kundibweretsera. N'chifukwa chake ndalemba izi, poti ndine ndemwe ndinkalimbikitsa anzanga kuti kulipiriratu miyezi ingapo kumatchipa kusiyana ndi kugula kwa mavenda tsiku ndi tsiku.

Zabwino zake sindibisa. Nkhani za ku Nyumba ya Malamulo ndi za kukhoti amazilemba mozama kuposa zimene timaona pa Facebook. Masamba a Chichewa a Loweruka mayi a kunyumba amawakonda, ndipo mphwanga anapeza ntchito poona malonda a ntchito m'menemo.

Chimene chinanditopetsa ndi kabweredwe kake. Nyuzipepala amasindikiza ku Blantyre, ndiye idutse Zomba, idutse Liwonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 200, kenako wakabaza aitenge paboma ku Mangochi kudzaisiya pagolosale yanga ku Mpondasi. Imafika dzuwa lili paliwombo, nkhani zonse titamva kale pawailesi. Zimenezo ndinkapirira. Koma mafuta atasowa chakumapeto kwa 2024 zinafika poipa. Ankabweretsa zamasiku atatu pamodzi, zomanga ndi mphira, yapamwamba itanyowa ndi mvula mpaka masamba kumatana. Zamasiku ena sizinafike n'komwe. Ndinkalemba masiku osowawo kuseri kwa kope langa langongole, ndipo ajenti anandilonjeza kuti adzandiwonjezera kumapeto. Nthawi itatha, sanawonjezere ngakhale tsiku limodzi.

Zoti mtengo unakwera ndimazimvetsa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mapepala osindikizira amachokera kunja. Chimene sindimvetsa ndi kulipira ndalama zambiri pa katundu wosafika.

Nditawauza ajenti kuti basi ndasiya, anangoti, "Achimwene, zimenezo ndi za kulikulu, ine ndimangogawa." Kulikulu anati ndilembe kalata. Ndinalemba, n'kutumizanso chithunzi chake pa WhatsApp. Yankho silinabwere, koma nyuzipepala zinapitiriza kubwera, ndipo mnyamata wa m'golosale ankazilandira ine kulibe. Zimenezo ndi zomwe pano akuti ndi ngongole. Kundilembetsa kunatheka tsiku lomwelo, ndalama n'kudutsa pafoni mosavuta. Nanga kusiya kukufuniranji kalata yopita ku Blantyre?

Masiku ena ndimaisowa ndithu, makamaka Lolemba makasitomala akayamba kutsutsana za Bullets ndi Wanderers popanda pepala loti tiloze. Atolankhaniwo alibe mlandu, ntchito yawo ndi yabwino. Koma tsopano ndimagula ya Loweruka yokha ndikapita kumsika paboma, ndalama pamanja, pepala pamanja. Ajenti ndawauza kuti abwere tikhale pansi ndi kope lija, achotsere masiku amene sanabweretse, ndipo chotsalacho ndilipira tsiku lomwelo.