Radiyeta ya aluminiyamu mu Peugeot 504: zimene zaoneka patatha miyezi 14

Galimoto imene tikunena ndi Peugeot 504 ya injini ya 1971 cc. Imayenda tsiku ndi tsiku kuchokera ku Mufakose kulowa m'tauni muno mu Harare, ndipo yapitako kawiri ku Malawi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Zobue. Radiyeta yake yakale ya mkuwa inachotsedwa mu Ogasiti chaka chatha, n'kuikamo ya aluminiyamu yodula, ya mizere iwiri ya machubu, mathanki ake owotcherera ndi TIG, makina owotcherera ndi magetsi ndi gasi wa argon. Itangoikidwa tinanena kuti singano ya geji ya kutentha yatsika, koma tinachenjezanso kuti radiyeta saiweruza m'mwezi wozizira. Tsopano yadutsa Okutobala awiri ndi dzinja limodzi, makilomita oposa 11,000. Kuziziritsa ikuziziritsadi. Koma yabweretsa zofuna zake zimene ya mkuwa sinkafuna, ndipo wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama.

Ambiri amaganiza kuti aluminiyamu ndiye chitsulo chimene chimataya kutentha msanga kuposa zonse. Ayi ndithu. Mkuwa wofiira umaposa aluminiyamu kutali: pa kudutsitsa kutentha manambala ake ndi pafupifupi 400 kwa mkuwa ndi 237 kwa aluminiyamu. Chimene chimagwetsa radiyeta yakale ndi kapangidwe. Machubu ake ndi a mkuwa wachikasu, umene nambala yake ili cha m'ma 110, ndipo timapepala toziziritsa tija amatimata ku machubu ndi mtovu, umene umadutsitsa kutentha movutikira kwambiri. Zaka zikapita mtovu uja umafumbwa, timapepala timalekana ndi machubu, kutentha n'kusowa podutsira. Ya aluminiyamu yabwino amaiwotcherera yonse pamodzi m'ng'anjo, chubu ndi kapepala n'kukhala thupi limodzi. Machubu akenso ndi otakata, mamilimita 25 pamene akale amakhala 12 kapena 13, kotero mizere iwiri imagwira ntchito ya mizere inayi, mpweya n'kumadutsa mosavuta. Phindu lonse lagona pamenepo. Nchifukwa chake yotchipa ija, yomwe machubu anangowamata ndi guluu wa epoxy, sitikuiwerengera m'nkhaniyi. Tembenuzani radiyeta muone pamene machubu alowa m'thanki: mukaona phala lotuwa lomatapo, ibwezeni.

Pamene kusiyana kwaonekera kwambiri ndi pa mdipiti wa magalimoto. Mu msewu wa Samora Machel cha m'ma 4 koloko madzulo mu Okutobala, maloboti atafa, makombi atatseka njira, radiyeta yakale inkakwera mpaka singano kugunda chofiira pasanathe mphindi 20. Yatsopanoyi imakhazikika pakati n'kukhala pomwepo. Tikapima ndi kachipangizo kopimira kutentha pongolozera, pa paipi ya pamwamba timapeza madigiri 88 mpaka 90, ya pansi n'kukhala yotsikirapo ndi madigiri 8 kapena 10. Pa ulendo wa ku Malawi mayeso enieni ali pa chitunda chochoka ku Tete kukwera ku Zobue, galimoto itadzaza katundu, kunja kukutentha kuposa madigiri 40. Inakwera osaima kuti ipume, osathira madzi. Pa msewu wautali wosalala, monga kuchoka ku Harare kupita ku Marondera m'mawa, kusiyana n'kochepa kwambiri. Radiyeta ya mkuwa yoyera bwino ikanachita chimodzimodzi.

Vuto loyamba linabwera mwezi wachitatu, ndipo linachokera pa kamangidwe. Radiyeta inamangidwa ndi mabawuti molunjika ku chitsulo cha galimoto monga mmene yakale inalili. Mkuwa umalolera kupindikapindika. Aluminiyamu sapirira zimenezo: akagwedezeka malo amodzi kambirimbiri amachita mng'alu, ndipo amatanuka kwambiri akatentha. Maenje a m'misewu yathu anamaliza ntchito. Kamng'alu konga tsitsi kanatuluka m'mbali mwa pamene anawotcherera chogwirira cha kumanzere, kakudontha pokhapokha injini ikatentha, n'kusiya kamzere koyera ngati mchere. Mankhwala ake ndi malabala: pa bawuti iliyonse ikani labala wokhuthala mamilimita 8 mpaka 10 kutsogolo ndi kumbuyo, kachubu kachitsulo pakati kuti bawuti isafinye labala mpaka kuphwatalala, ndipo chibowo cha chogwirira chikhale chachikulupo pang'ono kuti radiyeta izitha kutanuka. Chichitireni zimenezi, mng'alu sunabwererenso. Onaninso malabala amene injini yakhalapo. Radiyeta yatsopano ndi yokhuthala, fani imatsala pafupi, ndipo injini ikadumphira kutsogolo pa buleki yadzidzidzi fani imadya machubu. Siyani mpata wosachepera mamilimita 20.

Pa 504 pali chinanso. Fani yake imagwira ndi maginito, ndipo imayatsidwa ndi switch imene imamva kutentha kwa madzi. Musanagule, onetsetsani kuti radiyeta yatsopano ili ndi chibowo cha switch imeneyi, kapena konzeranitu poika pena. Kakhala kakang'ono (carbon brush) kamene kamapereka magetsi ku maginito aja kamatha, ndipo galimoto zambiri zimene eni ake amati radiyeta yafa zimakhala kuti fani siikugwira n'komwe.

Chachiwiri ndi chitsekerero cha radiyeta, chimene chimapanikiza madzi kuti asawire msanga, ndipo mphamvu yake amaipima mu bar. Radiyeta zimenezi nthawi zambiri zimabwera ndi cha 1.1 bar, zina 1.3. Chifukwa chake n'chomveka, makamaka kuno. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490, ndipo madzi amawira pa madigiri 95, osafika 100. Chitsekerero cha 0.5 bar chimakweza malirewo kufika cha m'ma 108, cha 0.9 bar cha m'ma 116, cha 1.1 bar cha m'ma 119. Radiyeta yatsopano imapirira zonsezo, koma siili yokha. Kuseri kwa dashboard kuli karadiyeta ka hita komwe kakhala pamenepo zaka 40, komata ndi mtovu wokalamba. Mwezi wachinayi kapeti ya kumapazi kwa wokwera inayamba kunyowa, galasi la kutsogolo likuchita nthunzi m'mawa, m'galimoto mukununkha fungo lotsekemera la coolant. Kanali karadiyeta kaja. Kanakawotchereredwa, chitsekerero n'kutsitsidwa kufika 0.9 bar, ndipo geji sinasinthe ngakhale pang'ono. Mapaipi onse a labala sinthani tsiku lomwelo loika radiyeta, kuphatikizapo awiri aang'ono a hita amene aliyense amawaiwala.

Chachitatu ndi dzimbiri, ndipo apa mpamene tikufuna muchedwepo. Thunthu la injini ya 504 ndi lachitsulo, mutu wake ndi wa aluminiyamu, masilinda ake ndi aja ochotseka amene amakhala m'madzi. Injini imene yamwa madzi a pampopi zaka zambiri imakhala ndi matope ofiira pansi pa masilinda. Radiyeta ikasinthidwa madzi amayamba kuthamanga bwino, matope ndi makoko a dzimbiri zimanyamuka, ndipo poyamba kufikira ndi pakamwa pa machubu atsopano. Mwezi wachisanu singano inayamba kukwera pang'onopang'ono. Kachipangizo kopimira kanaonetsa chigamba chozizira pakati pa radiyeta, chachikulu ngati chikhatho, pamene machubu anali atatsekeka. Ya mkuwa amaichotsa thanki n'kutokosa chubu chilichonse ndi kachitsulo. Ya aluminiyamu yowotcherera simungaitsegule popanda kuidula. Mwayi unali woti zinaoneka msanga, ndipo kuthira madzi chobwerera, kuchokera pansi kutulukira pamwamba radiyeta itazondotsedwa, kunatulutsa pafupifupi kapu yaing'ono ya makoko.

Zikanapeweka. Musanaike radiyeta yatsopano chotsani thermostat (kavalavu kotsekera madzi mpaka injini itenthe), tsegulani bawuti yotayira madzi m'mbali mwa injini, ndipo ikakana kutulutsa madzi itokoseni ndi waya mpaka matope aphulike. Tsukani ndi paipi ya madzi kutsogolo ndi chobwerera mpaka madzi atuluke oyera, hita payokha, injini payokha. Mankhwala otsukira onse agwiritsidwe ntchito radiyeta yakale idakalipo, ndipo soda waukali uja (caustic soda) asayandikire n'komwe, chifukwa amadya aluminiyamu, kuphatikizapo mutu wa injini. Kenako ikani kasefa pa paipi ya pamwamba, muzikatsuka sabata iliyonse mwezi woyamba. Thermostat ibwerere pamalo pake. Chizolowezi choitaya chija chimachititsa injini kuyenda yozizira m'mawa wa Juni ndi Julayi, petulo n'kumatha, masilinda n'kumaperepeseka.

Madzi othira si nkhani yosankha. M'injini muli chitsulo, mkuwa wa hita ndi aluminiyamu, zonse m'madzi amodzi, ndipo zikatero zimachita ngati batire: chodyeka ndi aluminiyamu, makamaka pamene ali wopyapyala, ndiye kuti machubu a radiyeta yanu yodula. Madzi a pa chitsime chobowola, amene mabanja ambiri muno amadalira, ali ndi mchere umene umafulumizitsa zimenezi. Gulani madzi a batire, aja opanda mchere. Injiniyi imalowa malita pafupifupi 8: thirani malita 3 a coolant wosasungunula ndi malita 5 a madzi. Ku Harare sitikuopa madzi kuundana, tikufuna mankhwala oteteza ku dzimbiri amene ali mu coolant, ndipo mukapitirira theka ndi theka mwachepetsa mphamvu yonyamula kutentha, pakuti madzi enieni amanyamula kutentha kuposa glycol wa mu coolant. Mtundu wobiriwira wachikale, wokhala ndi silicate, ndi umene umagwirizana ndi aluminiyamu komanso mtovu wa hita, koma mphamvu yake imatha, muzisintha zaka 2 zilizonse. Werengani pa botolo, musadalire mtundu wokha, ndipo mitundu iwiri musasakanize. Pothira, tsegulani hita, kwezani mphuno ya galimoto, injini ilire chitsekerero chili chotsegula mpaka thovu lithe.

Palinso magetsi osochera. Tengani multimeter, kachipangizo kopimira magetsi, waya wakuda pa batire kumbali ya negative, wofiira muviike m'madzi a m'radiyeta osakhudza chitsulo. Injini ilire, yatsani nyali zonse ndi fani ya hita. Ikapitirira 0.3 V pali vuto. Pa galimotoyi inaonetsa 0.4 V mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo chifukwa chake chinali lamba wa earth, waya wobwezera magetsi wochoka ku injini kupita ku thupi la galimoto, yemwe anali atabiriwira n'kutsala tingwe tochepa. Magetsi akasowa njira amadutsa m'madzi, ndipo amaboola machubu timabowo tonga ta singano. Lamba watsopano, malo omangapo atapalidwa mpaka kuwala, nambala inatsika kufika pansi pa 0.1 V. Ngati mwaika fani ya magetsi, waya wake wa earth musamange pa radiyeta.

Timapepala ta aluminiyamu ndi tofewa. Maluwa a jakaranda mu Okutobala ndi ngumbi za mvula yoyamba zimamatirira kutsogolo n'kuuma ngati phala. Tsukani ndi paipi wamba kuchokera kumbali ya injini. Anyamata otsuka magalimoto ndi makina amphamvu aja auzeni atalikire. Mphindi imodzi yokha amagoneka timapepala tonse.

Tinenenso zimene radiyetayi singachize. Petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, nyengo zina mpaka 20 peresenti, ndipo kabyuleta yakale yosasinthidwa imapereka mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, injini n'kumatentha. Timing yochedwa, mapulagi akamathetheka mochedwa, imatenthetsa chimodzimodzi. Pampu ya madzi imene mapiko ake anadyeka, lamba wa fani wolefuka, gasiketi ya mutu imene ikulowetsa utsi m'madzi: zonsezi radiyeta yaikulu imangozibisa miyezi ingapo. Galimoto ikamatentha itaima koma n'kuzizira ikathamanga, yambani ndi fani ndi chophimba chake, chimene amakaniko amati shroud. Ikamatentha pothamanga, mpamene muganizire radiyeta, pampu ndi timing.

Tsono igulidwe? Kwa galimoto imene imagwira ntchito, yolowa m'tauni masana, yonyamula katundu, yodutsa ku Tete kapena kukwera Christmas Pass polowa ku Mutare, tikuti inde, ndipo pa 504 chifukwa chake n'chachikulu: kuwira kamodzi kokha kungapinde mutu wa aluminiyamu, ndipo kukonza zimenezo kumadula kuposa radiyeta. Kwa galimoto yotuluka Lamlungu lokha, kapena imene mwini wake akufuna ioneke monga inatulukira ku fakitale, ndalamazo zikagwire ntchito ina. Tengani radiyeta yakale, akaiikire machubu atsopano a mizere itatu pa mathanki ake omwewo. Mtengo wake ndi wotsika, imakwana pamalo pake popanda kudula chilichonse, ndipo imakhululuka mukaithira madzi a pa mjigo tsiku la mavuto.

Ganiziraninso za kumene mumayenda. Ya mkuwa ikabooka, ku Gazaland ku Highfield kapena ku Magaba ku Mbare mupeza munthu wa moto ndi mtovu, aimata mukudikira, ngakhale magetsi atazima. Ya aluminiyamu imafuna makina a TIG, gasi wa argon, magetsi ndi dzanja lozolowera chitsulo chopyapyala, ndipo chubu chikabooka pakati nthawi zambiri amangochitseka mbali zonse ziwiri. Pakati pa Mutoko ndi Tete musayembekeze kupeza zimenezo. Mu 504 iyi tsopano mumakhala kachubu ka epoxy wa zitsulo, kachidutswa ka sandpaper, chitsekerero chapadera cha 0.5 bar chochepetsera kudontha pa ulendo, ndi chigubu cha malita 5 cha madzi osakaniza kale.