Ma DVD a What's My Line? ndawaonera milungu itatu tsopano

Katunduyu anafika mochedwa, chikuto cha DVD imodzi chili chosweka, ndipo mapulogalamu sanawasanje motsata zaka. Kupatula chimodzi chimene nditchule kumapeto, zodandaula zanga zathera pomwepo.

Kwa amene simukuidziwa, iyi inali pulogalamu ya pa TV ya CBS ku America kuyambira 1950 mpaka 1967. Anthu anayi, kawirikawiri Dorothy Kilgallen, Arlene Francis, Bennett Cerf ndi wina wachinayi, ankafunsa mlendo mafunso oyankhidwa ndi "inde" kapena "ayi" kuti atulukire ntchito yake. Pa "ayi" aliyense wotsogolera pulogalamuyi, John Daly, ankatembenuza kakhadi ka madola 5, ndipo mphoto yonse inkathera pa madola 50. Ndalama zochepa choncho, koma chipinda chonse chili gwaa kuseka.

Zithunzi n'zakuda ndi zoyera, zina zachimbuuzi ngati ukuyang'ana pagalasi lonyowa. Apa wogulitsa alibe mlandu. Nthawi zambiri pulogalamuyi inkaulutsidwa pompopompo, ndipo poisunga ankangoloza kamera ya filimu pa sikirini ya TV. Ngakhale chaka chomaliza, chimene chinaulutsidwa chamitundu, chinatsala chakuda ndi choyera. Mafilimu ambiri a zaka zoyambirira anawonongedwa pofuna siliva wa mkati mwake, ndiye zomwe zilipozi n'zopulumuka. Nditadziwa zimenezi, timizeremizere ta pa sikirini tinasiya kundinyansa.

China chimene chinasintha kaoneredwe kanga ndi khutu la Daly. Mafunso akayamba kulowera kolaula, iye ankakoka khutu lake mwakachetechete, ofunsawo n'kubwerera panjira. Panopa maso anga amangokhala padzanja lake.

Mlendo akakhala wotchuka, anayiwo ankamangidwa m'maso, mlendoyo n'kumasintha mawu. Katswiri wojambula zithunzi Salvador Dalí mu 1957 ankangoyankha "inde" pafupifupi funso lililonse, mpaka Daly kusowa pogwira. Colonel Sanders, amene anayambitsa KFC, mu 1963 anakhala pamaso pawo osamangidwa m'maso, koma nkhope yake sanaizindikire, poti inali isanafale pa malonda a nkhuku.

Ya pa 7 November 1965 ndinaionera mtima uli m'mwamba. Kilgallen akufunsa mwanzeru monga mwa masiku onse, osadziwa kuti mawa lake apezeka atamwalira kunyumba kwake ku New York.

Ndapereka nyenyezi zinayi. Yachisanu ndaichotsa chifukwa mulibe mawu olembedwa pansi, ndipo bambo anga, amene makutu ayamba kuvuta, amaphonya mafunso ofulumira a Cerf.