Judge kapena Raleigh? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi

Chilengezereni mphoto ya MVP (wosewera wopambana onse pa chaka) ya American League, ligi ya baseball ku America, mu November 2025, foni yanga sinapume. Alamu anga a ku New Jersey amanditumizira chithunzi cha Aaron Judge wa New York Yankees, yemwe anatenga mphotoyo, m'mawa uliwonse ngati moni, ndipo anzanga a kumudzi, omwe baseball amangoionera pa sitetasi yanga, akungofunsa kuti, "Kodi mnyamata wanu uja zamuthera bwanji?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi, amene afunsenso ndizingomutumizira zomwezi. Ndineneretu: ndimakhala ku Seattle, ndimasapota Mariners, timu ya mnyamata wathu uja Cal Raleigh, sikelo yanga ndi yopendekeka. Musadzati sindinakuuzeni.

Ovota ndi atolankhani 30 a bungwe la olemba nkhani za baseball la BBWAA, awiri pa mzinda uliwonse wa matimu 15 a ligiyi. Aliyense amalemba mayina 10, ndipo amene wamuika pamwamba amapata mapointi 14, wachiwiri 9. Mavoti amaponyedwa masewero a ndime yachipulula (playoff) asanayambe, choncho zoti Toronto inatitulutsa pa gemu yomaliza ija zilibe gawo pano. Judge anaikidwa pamwamba ndi anthu 17, Cal Raleigh ndi anthu 13. Mapointi 355 kwa 335. Atolankhani awiri okha akanatembenuka mtima, bwenzi anyamatawa atafanana ndendende.

Pa kamenyedwe sinditaya nthawi, Judge anali patali. Avereji yake, muyeso woonetsa kuti amamenya bwino kangati akapatsidwa mpata, inali .331, pamwamba pa onse, pomwe ya Raleigh inali .247. Ma home run ake, kumenya mpira mpaka kukagwera kunja kwa bwalo, anali 53. Alamu, pamenepa ndavula chipewa.

Pa ma home run, Raleigh anamenya 60. Palibe catcher, wowakha mipira kumbuyo kwa womenya ngati iyeyu, amene anafikapo pamenepo. Amene ankatsogola anali Salvador Perez ndi 48 mu 2021. Pakati pa omenyera mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, anaposa Mickey Mantle yemwe 54 yake inakhala chikhalire kuyambira 1961. Ku Mariners anaposa 56 ya Ken Griffey Jr., dzina lomwe kuno anthu amalitchula ngati la agogo awo. Ma RBI, mapointi omwe timu imapeza chifukwa cha kumenya kwa munthu, Raleigh anali nawo 125, Judge 114. Ndipo home run ya 59 ndi ya 60 anazimenya usiku umodzi, pa 24 September, tikusewera ndi Colorado, usiku womwewo umene Seattle inatenga ukatswiri wa gulu lathu la AL West koyamba chichokereni 2001.

Koma chimene chikundiwawa si manambalawa ayi. Ndi maondo.

Amene simuonera baseball, tamvani ntchito ya catcher. Munthuyu amanyonyomala kumbuyo kwa womenya, atavala chigoba kumaso, chotchinga pachifuwa ndi zotchinga m'miyendo, n'kumawakha mipira yobwera pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola. Pa gemu imodzi amawakha mipira yopitirira 100, ndipo pa uliwonse amanyonyomala, kudzuka, kuubweza, kunyonyomalanso. Tayesani kunyonyomala pamoto mukuotcha chimanga mphindi khumi zokha muone mmene mudzukire. Iyeyu amachita zimenezi maola awiri ndi theka, mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kuyambira kumapeto kwa March mpaka September.

Tsiku lina ndinapeza tikiti yapafupi ndi kumbuyo kwa home plate, mbale ya pansi yomwe womenya amaima pambali pake, ku T-Mobile Park, bwalo la Mariners, mnzanga wa kuntchito atalephera kupita. Pa TV simuona zimene ndinaona tsikulo. Mpira ukangokhudza ndodo pang'ono umasintha njira n'kumumenya catcher paphewa, pantchafu, pachigoba, ndipo phokoso lake limamveka mpaka pamene ndinakhalapo, kuti phwa! Woyimbira amayenda pang'onopang'ono kukasesa mbale ija ndi kaburashi, osati chifukwa yada, koma kumupatsa mnzakeyo mpata woti apume. Kenako munthu yemweyo, zala zitatupa, akuvula zida zonse zija mothamanga, kutenga ndodo, kukamenya mpira mpaka kunja kwa bwalo. Atabwerera sakhala pansi kumwa madzi ngati anzake, akumanganso malamba.

Komanso si thupi lokha. Catcher ndiye amauza woponya mtundu wa mpira woti aponye. Gemu isanayambe amakhala ataphunzira womenya aliyense wa timu inayo, uyu amakonda yapamwamba, uyu yokhota imamusokoneza. Woponya akayamba kubalalika, ndi catcher amene amayenda kukamukhazika mtima pansi. Nthawi yomwe omenya ena akukonza kamenyedwe kawo, iye ali pa msonkhano ndi oponya. Raleigh anagwira ntchito imeneyi magemu pafupifupi 120, ndipo masiku oti apumitse maondo ankalowabe kukamenya, mpaka anasewera magemu 159 mwa 162. Chaka chapitacho, 2024, anapatsidwa Platinum Glove, kutanthauza wotchinga bwino kuposa onse m'ligi. Ndiye mukandiuza za .247, ine ndimafunsa kuti Judge atanyonyomala miyezi isanu ndi umodzi, .331 ija ikanatsala ingati?

Judge amaima kumanja kwa bwalo, ndipo amaimako bwino, sindikunyoza. Koma pali magemu ena mpira umamupeza kawiri kapena katatu basi. Atavulala chigongono mu July anakhala kunja masiku angapo, ndipo atabwerera anatha milungu akungomenya, osatchinga.

A manambala amati zonsezi zimawerengedwa kale mu WAR, muyeso woonetsa magemu omwe munthu wapindulira timu yake, ndipo ngakhale pamenepo Judge ali patsogolo. Ndamva. Koma mawebusaiti awiri otchuka pa nkhaniyi, FanGraphs ndi Baseball-Reference, sagwirizana n'komwe pa kawerengedwe ka ntchito ya catcher, ndipo palibe mwa iwo amene amayeza zomukhazika mtima pansi woponya zija. Zili ngati goloboyi ku mpira wa miyendo. Aliyense amavomera kuti popanda iye palibe timu, koma Ballon d'Or anaitengapo goloboyi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Ku American League catcher womaliza kutenga MVP ndi Joe Mauer, mu 2009.

Pali kachinthu kena kamene kamandiyabwa. Mu 2022 Judge atamenya 62 n'kuposa 61 ya Roger Maris, alamu anga omwewa ankati rekodi ndi rekodi, nkhani yatha. Nthawiyo Shohei Ohtani anamenya ma home run 34, n'kupambananso magemu 15 ngati woponya, koma anapata mavoti oyamba awiri okha mwa 30. Munthu wa ntchito ziwiri anagonja kwa munthu wa rekodi. Pano wathuyu wabwera ndi marekodi atatu, ntchito ziwiri ali nazonso, akuti ayi, tiyang'ane avereji. Mulingo umasintha malinga ndi amene wavala yunifolomu ya Yankees. Kunena zoona, Judge wa 2022 anali woopsa pa chilichonse, osati pa ma home run pokha, koma mundilole ndidandaule.

Za timu, onse awiri anafikitsa matimu awo ku playoff, ndiye apa palibe woposa mnzake.

Chigamulo changa: ukafuna womenya, tenga Judge, ndipo MVP yachitatuyi sanabe. Ukafunsa kuti ndani amene timu yake ikanagwa chagada popanda iye, voti yanga ndi ya Raleigh, lero ndi mawa.

Chotsala ndi malaya. Usiku wa 60 uja, chimwemwe chitandipitirira, ndinagula tisheti kwa munthu wina wogulitsa panja pa bwalo, yolembedwa CAL MVP pachifuwa, madola 35, osanenerera n'komwe. Ndinabetcherananso ndi alamu kuti wogonja adzavala chipewa cha timu ya mnzake pa Khirisimasi. Tisheti ija nditangoichapa kawiri, V anamatuka n'kutsalira m'makina. Chipewa cha Yankees chafika kale pa positi, alamu analipira okha, ndipo akuti chithunzi chake chidzapite pa gulu la banja lonse, mpaka kwa amayi ku Dedza.