Cam Newton, P.J. Walker kapena Sam Darnold: chisankho cha Carolina Panthers mu November 2021

Pamene Sam Darnold anathyoka fupa la paphewa kumayambiriro kwa November 2021, timu yake ya Carolina Panthers, yomwe imasewera mpira wa ku America (American football) mu ligi yaikulu ya NFL, inali itapambana masewero 4 ndi kugonja 5, ndipo mphunzitsi wake Matt Rhule anali ndi njira zitatu zoti asankhepo pa malo a quarterback, wosewera amene amatsogolera anzake pofuna kugoletsa, kuponya mpira kapena kuthamanga nawo yekha. Akanatha kudikira kuti Darnold achire, akanatha kupereka udindo wonse kwa P.J. Walker amene anali kale m'timumo, kapena kuitananso Cam Newton, katswiri amene timu yomweyo inamuchotsa mu March 2020. Pa 11 November anasankha Newton, ndipo ife amene timatsatira mpira wa ku America timatsutsanabe za chisankho chimenechi mpaka lero.

Kudikira Darnold kunalibe chokopa pa nthawiyo. Panthers inamutenga ku New York Jets mu April chaka chomwecho, n'kupambana naye masewero atatu oyambirira, koma pambuyo pake anayamba kuponyera mpira m'manja mwa adani mobwerezabwereza, kuphatikizapo katatu pa sewero lomwe anagonja kwa New England Patriots 24-6. Ngakhale akanakhala wosavulala, ochemerera ambiri ku Charlotte, kwawo kwa Panthers, anali atamutaya kale mtima.

Walker ndiye amene anthu ambiri amamunyalanyaza akamakamba nkhaniyi, koma anali ndi chinthu chimene Newton analibe: ankadziwa kaseweredwe ka timuyo mpaka mkati. Anasewerapo pansi pa Rhule ku yunivesite ya Temple, anadziwika mu ligi ya XFL ndi timu ya Houston Roughnecks, ndipo mu 2020 anayamba sewero limodzi lomwe Panthers inagonjetsa Detroit Lions 20-0. Sanali wosewera wochititsa mantha adani, ndipo nthawi zina ankataya mpira pafupi ndi chigoli, komabe mu mpira wa ku America, momwe quarterback amayenera kusunga pamtima mayina ndi zizindikiro za masewero ambirimbiri, kudziwa buku la timu, momwe mumalembedwa masewerowa, ndi chuma chimene sichipezeka m'sabata imodzi.

Za Newton, palibe amene angatsutse kukula kwa dzina lake ku Carolina. Timuyo inamusankha koyambirira pa osewera onse atsopano olowa mu NFL mu 2011 atachokera ku Auburn, mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NFL pamene Panthers inapambana masewero 15 n'kugonja kamodzi kokha, ndipo anaifikitsa ku Super Bowl 50, ndime yomaliza ya NFL, komwe inagonja kwa Denver Broncos 24-10. Koma Newton wa 2021 sanali yemweyo. Phewa la dzanja loponyera linali litachitidwa opaleshoni kawiri, mu 2017 ndi mu 2019, phazi linamulepheretsa kusewera pafupifupi chaka chonse cha 2019, ndipo Patriots inali itamuchotsa kumapeto kwa August posankha mnyamata Mac Jones. Anakhala miyezi yoposa iwiri wopanda timu. Miyendo ndi thupi lake lalikulu zinali zikugwirabe ntchito, makamaka pamene patsala mayadi awiri kapena atatu kuti agoletse, koma mkono sunkafikitsanso mpira patali molondola ngati kale.

Sewero limene limandiphunzitsa zambiri pa kuyerekeza kumeneku ndi la pa 14 November ku Arizona, patangopita masiku atatu Newton atasaina. Walker ndiye anayamba ndi kuyendetsa timu pafupifupi sewero lonse, ndipo Newton ankalowa pa nthawi zosankhidwa bwino. Atangogwira mpira koyamba, anathamanga n'kugoletsa touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, kumbali ya adani), anavula chipewa chake n'kukuwira pa kamera kuti wabwerera. Pa kugwira kwachiwiri anaponyera Robby Anderson n'kugoletsanso. Panthers inapambana 34-10. N'zoona kuti Arizona Cardinals inalibe quarterback wake Kyler Murray tsiku limenelo, koma chimene chinaoneka poyera n'chakuti aliyense mwa awiriwa anapatsidwa ntchito yogwirizana ndi mphamvu zake, wina kudziwa buku, wina kugwetsa adani pafupi ndi mzere wa chigoli.

Kulakwitsa, m'kuona kwanga, kunabwera sabata yotsatira, pamene Rhule anapereka chilichonse kwa munthu amene anali ndi masiku khumi okha ophunzirira. Ndikumvetsa chifukwa chake: sewerolo linali la kwawo pa Bank of America Stadium, mdani anali Washington ya Ron Rivera amene anaphunzitsa Newton zaka zisanu ndi zinayi, ndipo bwalo lonse linkafuna kuona nambala 1, yomwe Newton ankavala, ikutuluka poyamba. Newton anasewera bwino tsikulo, anathamanga mayadi 24 n'kugoletsa, koma anagonja 27-21. Ku Miami zinthu zinaipa kwambiri, pakuti mwa mipira 21 imene anaponya, isanu yokha inafika kwa anzake, iwiri inagwidwa ndi adani, ndipo anamutulutsa sewero lisanathe. Tsiku lomwelo Christian McCaffrey, katswiri wa Panthers wothamanga ndi mpira, anavulala kakolo n'kutsanzika chaka chonse, ndipo patapita masiku ochepa Joe Brady, mphunzitsi woona za kugoletsa, anachotsedwa ntchito, kutanthauza kuti Newton ankaphunzira buku pamene mlembi wake ankalongedza katundu. Masewero onse asanu amene Newton anayamba anathera m'kugonja.

Ena amati zimenezi zikutsimikizira kuti kumuitananso kunali kungofuna kudzaza bwalo. Ine sindikuvomereza mpaka pamenepo, chifukwa Darnold atachira n'kuyamba masewero awiri omaliza nayenso anagonja onse, ndipo timu inamaliza ndi 5-12. Osewera otchinga kutsogolo kwa quarterback anali ofooka kwambiri moti aliyense woima kumbuyo kwawo ankathamangitsidwa asanaone woti amuponyere. Darnold yemweyo, atapeza aphunzitsi ndi anzake oyenera ku Minnesota Vikings mu 2024, anapambana masewero 14, zomwe zikusonyeza kuti vuto la Carolina linali lalikulu kuposa munthu mmodzi.

Ndikanakhala wosankha mu November umenewo, ndikanamuitanabe Newton, chifukwa panalibe wina wopanda timu amene akanadzutsa osewera ndi ochemerera monga anachitira iye, koma ndikanasunga dongosolo la ku Arizona kwa milungu itatu kapena inayi, Walker akuyamba ndipo Newton akulowa pafupi ndi chigoli, mpaka atadziwa buku mokwanira kuti atenge timu yonse.