Makamera oyang'anira mpanda: a waya, a WiFi kapena a sola?

Chiikireni makamera pakhomo panga, anzanga a kuntchito ndi achibale akhala akundifunsa kuti agule mtundu uti, ndipo ambiri amafunsa atasankha kale mumtima mwawo kamera imene anaiona pa Facebook kapena imene m'bale wawo wa ku Joni walonjeza kuwatumizira pa basi. Mitundu imene ikulimbirana ndalama zathu ndi itatu: makamera a waya amene amatumiza kanema ku bokosi losungira lotchedwa NVR kapena DVR, makamera a WiFi amene amadalira rauta ya m'nyumba, ndi makamera a sola amene mumaikamo SIM khadi. Zoti kamera isalowe madzi kapena izionetsa pa foni sindichedwapo, popeza pafupifupi kamera iliyonse yapanja masiku ano imalembedwa IP66 kapena IP67 ndipo imabwera ndi pulogalamu yake ya pa foni. Muyeso wanga ndi umodzi: mukadzuka m'mawa n'kupeza kuti batire la galimoto lapita, kodi kanema wa usikuwo alipo, ndipo kodi nkhope ya munthuyo ikuoneka?

Ndiyambe ndi makamera a WiFi amene amasunga kanema pa intaneti, chifukwa ndi amene ndili nawo chifukwa. Kamera yanga yoyamba inali ya mtundu umenewu, yokongola, yosavuta kumangirira, ndipo mwezi woyamba inkagwira ntchito mogometsa moti ndinkaonetsa aliyense wobwera kudzacheza. Chimene sichinalembedwe ndi zilembo zazikulu pa katoni n'chakuti mwezi umenewo unali wongolawitsa. Utatha, kamera inapitiriza kuliza foni yanga munthu akadutsa, inapitirizanso kundionetsa zimene zikuchitika panthawiyo, koma inasiya kusunga chilichonse. Usiku umene akuba anazula pampu yokwezera madzi m'thanki, foni inalandira uthenga wakuti pabwalo padutsa munthu, ine ndili m'tulo, ndipo m'mawa nditatsegula uthengawo ndinapeza tsamba londiuza kuti ndilipire kaye kuti ndiyambe kusungiridwa makanema a m'tsogolo. Wa usikuwo kunalibe. Dzina la kampaniyo sinditchula, chifukwa mchitidwewu si wa kampani imodzi.

Malipiro a pamwezi amenewa amaoneka ochepa kwa munthu wa ku America kapena ku Britain, koma kwa ife amaluma kawiri. Amalipidwa m'madola kudzera pa khadi la ku banki, pamene aliyense amene anayesapo kulipira chinthu chakunja m'zaka zimenezi akudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera ndiponso mmene mabanki amachepetsera zimene munthu angagwiritse ntchito pa khadi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutanthauza kuti mtengo umene simunausinthe inu kapena kampaniyo unakwera wokha muli gone. Khadi likakanidwa mwezi umodzi, kamera imabwerera kukhala belu chabe. Izi si zobisika kwa amene amawerenga timalemba tating'ono: kampani ya makamera ya Ring, imene Amazon inaigula mu 2018, imanena poyera kuti popanda kulipira simusungiridwa kanema, ndipo pa makamera ambiri a Arlo, amene sakufuna kulipira pamwezi amayenera kugula kabokosi kena kapadera kuti asunge kanema panyumba.

Palinso malipiro ena amene palibe amawatchula, omwe ndi bandulo. Kamera imene ikutumiza kanema wabwino ndithu pa liwiro la 2 Mbps imadya pafupifupi 900 MB pa ola, zimene ndi 21 GB ndi kupitirira pa tsiku ngati ikutumiza osalekeza. N'chifukwa chake makamera ambiri a mtundu umenewu satumiza zonse koma tizidutswa ta masekondi ochepa pamene aona chinthu chikuyenda, ndipo zimene zachitika tizidutswato tisanayambe kapena titatha simudzaziona. Kwa amene amadalira rauta ya Airtel kapena TNM, tsiku limene bandulo yatha ndi tsiku limene mpanda ulibe woyang'anira. Komanso kanema wa pakhomo panu akakhala pa makina a anthu ena, mwawapatsa makiyi: mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linagwirizana ndi Ring kuti ilipire madola 5.8 miliyoni pa mlandu wokhudza antchito ake amene ankatha kuonera makanema a makasitomala.

Kunena chilungamo, si makamera onse a WiFi amene ali ndi khalidwe limeneli. Tapo ya TP-Link, Reolink, Ezviz ndi Imou ali ndi malo oikamo memore khadi, ndipo amajambula popanda kulipira pamwezi ngakhale intaneti itadula. Kwa munthu wochita lendi amene sangaboole makoma a eni ake, kamera imodzi yotere yoyang'ana pakhomo ndi yokwanira, bola agule khadi lenileni lopangidwira kujambula kosalekeza, chifukwa makhadi achinyengo olembedwa 128 GB koma osunga pang'ono ali mbwee m'misika. Vuto lake pa mpanda n'lakuti umboni uli m'mimba mwa kamera yomweyo, ndipo wakuba akaithyola n'kupita nayo wapita ndi kanema yemwe. WiFi nayonso imafooka ikadutsa makoma awiri kapena atatu a njerwa zootcha, moti kamera ya ku ngodya yakumbuyo, kumene akuba amakonda kukwerera, ndi imene imadukaduka kwambiri.

Pa nkhani ya magetsi ndi pamene makamera a waya amasiya anzawo kutali, ngakhale ambiri amaganiza mosiyana. Amene anakhala m'dziko muno pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi 130 MW pa magetsi a dziko lonse, sakufunika kuuzidwa kuti mdima wa maola ambiri ndi chinthu choyenera kuchikonzekera, ndipo akuba nawonso amadziwa nthawi imene dera lanu lazimitsidwa. Makamera a WiFi a pulagi amafuna magetsi pamalo aliwonse pamene pali kamera, kuphatikizapo rauta. Makamera a waya a mtundu wa PoE amalandira magetsi ndi kutumiza kanema kudzera m'waya umodzi wa Cat6 wochokera ku NVR, choncho mukateteza soketi imodzi ya NVR ndi inveta mwateteza makamera onse. Makamera anayi pamodzi ndi bokosi lawo amadya pafupifupi mawati 40 mpaka 50 usiku, ndipo batire la 12V 100Ah, ngakhale mutagwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake kuti lisafe msanga, lingawayendetse maola oposa khumi. Amajambula usana ndi usiku osayembekezera kuti chinthu chiyende, safuna intaneti kuti asunge kanema, ndipo hard disk ya 1 TB imasunga masiku 11 kapena 12 a makamera anayi pa liwiro lija la 2 Mbps. Bandulo imadyeka pokhapokha mukamaonera pa foni muli kutali.

Makamera a batire ndi a sola amapulumuka kuzima kwa magetsi, koma amapulumuka mwa kugona. Kuti batire likhalitse, kamera imakhala yozima mpaka kachipangizo kozindikira kutentha kwa thupi, ka PIR, kataidzutsa, ndipo imatenga kanthawi kuti iyambe kujambula. Ili ngati mlonda amene amadzidzimuka wakuba atamudutsa kale, n'kuona nkhongo yokha. Kachipangizoka kamaona bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika, sikafika patali kupitirira mamita khumi pa makamera ambiri, ndipo kamasokonezeka pamene khoma ndi mpweya zatentha kuyandikira kutentha kwa thupi la munthu, monga zimakhalira mu Okutobala ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Salima. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje vuto limabwera mu Juni ndi Julaye, pamene chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo otsatizana ndipo kasola kakang'ono sikadzaza batire. Komabe sindingawanyoze kotheratu. Ku munda, ku khola la nkhuku kapena pa puloti pamene mukumanga ndipo pali simenti ndi zitsulo koma palibe magetsi, kamera ya sola ya SIM khadi ilibe mnzake wopikisana nayo. Imene ndingakuchenjezeni ndi ija yopanda dzina la kampani, yolembedwa 4K kapena 8MP pa katoni pamene chithunzi chake n'chosaposa cha 1080p.

Manambala a MP amenewa, owerenga m'mamiliyoni timadontho topanga chithunzi totchedwa ma pixel, ndi amene ogulitsa amakuwa nawo, koma chimene chimaonetsa nkhope ndi kukula kwa malo amene kamera ikuyang'ana. Muyezo wa padziko lonse wa makamera achitetezo, IEC 62676-4 wa mu 2014, unanena kuti pamafunika ma pixel 25 pa mita imodzi kuti muone kuti pali munthu, 125 kuti muzindikire munthu amene mumamudziwa kale, ndi 250 kuti nkhope ya mlendo idziwike bwinobwino. Kamera ya 1080p ili ndi ma pixel 1920 m'mbali, choncho imadziwitsa nkhope pokhapokha malo amene ikuona asapitirire mamita 7.7 m'lifupi. Lenzi ya 2.8mm, imene imabwera ndi makamera ambiri, imaona motambalala kwambiri moti malire amenewo amafika munthu ali pa mamita atatu okha kuchokera pa kamera. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amapita ku polisi ndi kanema woonetsa bwalo lonse mokongola, wakuba ali kachithunzi kakang'ono kosadziwika. Pa geti ndi m'mbali mwa khoma lalitali funsani lenzi ya 4mm kapena 6mm, ndipo kamera isakwezedwe pansi pa denga penipeni pamene imangoona zipewa. Makamera ozungulira a PTZ ndi osangalatsa kuseweretsa pa foni, koma nthawi zonse amayang'ana mbali imodzi ndipo mbali inayo imakhala yosayang'aniridwa.

Pakati pa makamera a waya okhaokha, a DVR akale ogwiritsa ntchito waya wa coaxial ndi otsika mtengo ndipo amafika patali kuposa mamita 100 amene ndi malire a Cat6, koma amafuna waya wina wa magetsi a 12V ndipo timapulagi tawo timachita dzimbiri nyengo ya mvula. Kwa amene akuyamba kumene, ine ndimati PoE.

Za dzina la kampani ndili ndi mbali, ndipo sindibisa. Hikvision ndi Dahua, onse a ku Hangzhou ku China, ndi amene amisiri ambiri a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anazolowera, ndipo kamera imodzi ikafa mumapeza ina yolowa m'malo mwake osayembekezera katundu wochokera kunja. Ine ndinakhazikika pa Hikvision, ngakhale ndikuvomereza kuti Dahua sasiyana naye kwenikweni, ndiponso kuti pulogalamu ya pa foni ya Reolink ndi yosavuta kuposa onse awiri kwa munthu amene akufuna kudziikira yekha. Ezviz ndi mwana wa Hikvision, Imou inayambitsidwa ndi Dahua, choncho amene amaganiza kuti wathawa makampani awiriwa pogula mayina amenewa sanapite patali. Muyenera kudziwanso kuti boma la America linaika makampani onsewa pa mndandanda wa oletsedwa kuchita nawo malonda ena mu Okutobala 2019, ndipo Britain inaletsa kuika makamera otere m'malo achinsinsi a boma mu Novembala 2022. Amene akuika makamera pa ofesi ya bungwe lolandira thandizo lakunja afunse kaye malamulo a opereka thandizowo. Pa nyumba wamba chiopsezo chachikulu ndi pasiwedi: mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi ma DVR ambirimbiri padziko lonse pongoyesa mapasiwedi amene anabwera nawo kuchokera ku fakitale. Mmisiri akamaliza ntchito, sinthani pasiwedi nokha, ndipo akaunti ya pulogalamu ya pa foni, Hik-Connect ya Hikvision kapena DMSS ya Dahua, ilembedwe pa nambala kapena imelo yanu, osati yake, chifukwa kuchotsa makina pa akaunti ya munthu amene mwasemphana naye ndi ntchito yowawa.

Makamera a waya ali ndi zowawa zawo. Ndalama zoyambira ndi zambiri, pamafunika kukumba ndi kuika mapaipi kuti waya asadyedwe ndi makoswe kapena dzuwa, ndipo waya wautali wopita ku mpanda umatha kubweretsa mphenzi mpaka m'bokosi ngati palibe zotetezera. Amisiri ena amagula waya wa CCA, wa aluminiyamu wongokutidwa mkuwa, n'kulipiritsa mtengo wa mkuwa weniweni. Umagwira ntchito masana, koma usiku kamera ikayatsa magetsi ake oonera mumdima n'kufuna mphamvu yochuluka, imayamba kuzimazima. Palani kansonga ka waya ndi mpeni: mkati mukayera, ubwezeni. NVR isaikidwe pa shelefu ya TV pabalaza pamene wakuba amafikira poyamba, koma m'chipinda chokhoma kapena kudenga kumene kukupita mphepo.

Chotsala ndi usiku, umene ndi nthawi imene makamerawa amagulidwira koma palibe amawayesa. Kuwala kwa infrared, kumene kamera imaonera mumdima, kumakopa tizilombo, akangaude amamanga pa lenzi penipeni, ndipo usiku wa ngumbi chithunzi chimangokhala mbuu. Kamera ikayandikana kwambiri ndi khoma lopaka laimu, kuwalako kumabwerera ndipo bwalo lonse limada. Makamera a ColorVu a Hikvision ndi a Full-color a Dahua amaonetsa mtundu wa malaya ndi wa galimoto ngakhale usiku, zimene zimathandiza kwambiri pofotokozera apolisi, ndipo amachita bwino koposa pamene pali kale babu la pa mpanda. Musamalize kulipira mmisiri masana. Abwerenso kukada, muzimitse magetsi pa meini switchi kuti muone ngati inveta yanyamula makamera onse, kenako mutume munthu ayende m'mbali mwa mpanda wonse atavala chipewa, inu mukubweza kanemayo pa NVR kuti muone ngati mungamuzindikire pa kamera iliyonse.