Komwe ndadya chaka chino kuno ku Joni

Disembala uyu wafika, anzathu ayamba kale kumanga zikwama pa Park Station ulendo wa kumudzi, ine chaka chino sindipita nde ndangoti ndiwerengere malo omwe ndadyako, ena abwino ena ongondidyera ndalama.

Ku Fordsburg tinapita Loweruka lina madzulo ndi alamu anga. Mu Mint Road muja fungo la nyama yootcha limakulandira usanatsike nkomwe mu taxi. Tinaitanitsa biryani ya nkhosa mbale imodzi, tinadya awiri mpaka kutsala. Mpunga wake ndi basmati wautaliutali uja, wabwino ndithu, koma pa fungo sungapose Kilombero wa ku Karonga, apo tisakanganepo. Tsabola yekha nde anandichititsa manyazi, ine munthu wokulira kambuzi ndi Nali thukuta kamukamu ngati ndikulima, alamu kumangoseka.

Kota ya ku Soweto ndinadya kangapo, buledi kotala aboola pakati nkuthiramo tchipisi, polony, soseji ya russian, tchizi ndi atchar. Imakoma ukadali ndi njala, ikangofika mmimba ntchito yatha, ndi tulo basi. Pa 24 Seputembala, Heritage Day, tinali ku shisa nyama, malo ootchera nyama aja, nyama nde amaitha anthu akuno sindinama, chakalaka, ndiwo yawo ya masamba ndi tsabola, naye bho, koma pap, nsima yawo ija, mpaka lero sinandilowe, ufa wa mpaketi umakhala wamiseche mkamwa ngati mgaiwa wosasefa bwino.

Kwina ku Sandton sinditchula dzina, abwana anatitengera. Mbale yaikulu ngati lichero, chakudya kakang'ono pakatikati ngati cha mphaka, mtengo wake ndinangouona pa menyu nkukhala chete. Nditafika kunyumba ndinateleka poto.

Koma amene andigwira mtima chaka chino ndi mayi ena a kwathu ku Yeoville, chakufupi ndi msika wa mu Rockey Street. Kachipinda ka matebulo atatu, chikwangwani palibe, umangomva kwa anzako. Ndinafikako koyamba mu Julaye kuzizira kuja kwa Joni kolowa mpaka mmafupa, ndisanakhale nkomwe mtsikana wabwera ndi jagi ya madzi ofunda ndi beseni, sambani mmanja achimwene. Nsima itabwera ndinadziwira pa ntongo woyamba kuti uwu ndi ufa woyera weniweni, wokonola ndi kuviika, wosalala wonunkhira ka fungo kaja ka mphale yoviika. Mayiwo akuti umabwera pa basi, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, masiku awiri panjira, nchifukwa chake mbale yawo imakwera pang'ono kuposa pap ya pa kona. Ndiwo zinali usipa wa tomato ndi anyezi, msuzi wochepa wogwira bwino, ndi nkhwani wotendera, nsinjiro zake sanaumire ayi. Ndikumaliza mtanda wachiwiri mayi aja anangosuzumira kuchokera kukhitchini, "Mwana wanga, ndikuonjezere?" Ndinakana mwaulemu, iwo anabweretsabe.

Zolakwika zilipo, tisabise. Amachedwa heve, ukapita ndi ola limodzi la lanchi ubwerera ndi njala. Khadi salandira, tengani kashi. Ikakwana 2 koloko ndiwo zabwino zatha kwatsala nyemba. Ndipo chambo chawo ine ndimachikayika, amalumbira kuti ndi cha ku Mangochi koma mnofu wake ndi wa nsomba yogonera mufiriji miyezi, ine ndinakulira ku Monkey Bay simungandinamize. Itanitsani usipa kapena matemba, thobwa ngati lilipo tsiku limenelo musalisiye.

Sabata yatha anandiuza kuti mvula yagwa kumudzi ndipo basi ya Lachisanu ibweretsa ngumbi. Ndasiya kale R50 kuti andisungire kambale.